MIBULU YA LIVINGSTONE

Kufikira zaka za m'ma 1920, Mzungu wokonzekera ulendo wa ku maiko otentha anali kukhoza kulowa m'sitolo ya mankhwala mu London ndi kugula kabotolo ka mibulu kokhala ndi dzina la munthu amene anafera m'mudzi wa Chitambo m'caka ca 1873. Mibuluyo inali kuchedwa Livingstone Rouser, ndiko kunena kuti mankhwala a Livingstone odzutsa munthu wogona ndi nthenda, ndipo nchito yace inali kuciritsa malungo ndi kutsuka m'mimba. Ana a sukulu amaphunzira za David Livingstone monga mmishoni, woyenda maulendo atali, ndi mdani wa malonda a akapolo. Ndi owerengeka amene amauzidwa kuti iye anali dotolo, wolandira kalata yace ya udotolo ku Glasgow m'caka ca 1840, ndi kuti cimene cinamsunga ndi moyo podutsa Afrika kucokera ku nyanja ina kufikira ku inzace cinali m'kabokosi ka mankhwala. M'mibulu imeneyi munali zosakaniza zinai. Cimodzi cokha ndico cinali kulimbana ndi malungo. Zitatu zinazo nchito yao inali m'matumbo basi, komabe ndizo zinapatsa mibuluyo dzina ndi ulemu.

Poyamba kuyenera kudziwika mtundu wa malonda m'mene mibuluyi inadzalowa. Ku Mangalande kunali mwambo wakuti munthu wopanga cinthu catsopano apemphe kwa mfumu kalata yochedwa patent, yoletsa ena kupanga cinthu comweco. Ogulitsa mankhwala anaona msanga kuti kalata yotere ikopa ogula, ndipo m'kupita kwa nthawi mankhwala onse ogulitsidwa ndi dzina la mwini wace, kapangidwe kao kali kobisika, anayamba kuchedwa a patent, cinkana ambiri a iwo analibe kalata iri yonse. Ochuka koposa pa malungo anali ufa wa Dr. Robert James, umene unalandira kalata m'caka ca 1747. Munali antimony, citsulo ca ululu cosanzitsa ndi cotulutsa thukuta. Wogulitsa wace wamkulu anali John Newbery, wosindikiza mabuku a ana, ndipo munthuyu sanacite manyazi kulowetsa malonda ace m'nthano: m'kabuku kochedwa Goody Two-Shoes, ka m'caka ca 1765, atate a kamtsikana amwalira ndi malungo pamalo pamene ufa wa Dr. James sunali kupezeka. Mlembi wochuka Oliver Goldsmith anaukhulupirira ufawo kotero kuti anaumwa mobwerezabwereza, wosamvera uphungu wa amene anali kumsamala, namwalira m'caka ca 1774. Ambiri anati ufawo unafulumiza imfa yace.

M'zaka za Livingstone mwini kunachukanso mankhwala amadzi a Carl Warburg, dotolo wa ku Germany, amene anawapanga ku British Guiana m'caka ca 1834. Madotolo a asilikali ku India anawatamanda kwambiri. Warburg anabisa kapangidwe kao zaka 40, ndipo pamene kanaululidwa m'nyuzi ya madotolo yochedwa The Lancet m'caka ca 1875, kunapezeka kuti pakati pa zosakaniza zambirimbiri munali kwinini pamodzi ndi zotsegula m'mimba. Livingstone sanayende njira imeneyo. Kapangidwe ka mibulu yace anakalemba poyera m'makalata ndi m'buku, kuti ali yense apange, ndipo sanagulitse mbulu ndi umodzi womwe. Dzina lace linasanduka malonda iye ali m'manda.

M'masiku amenewo panalibe munthu wodziwa gwero la malungo. Madotolo anali kuphunzitsa kuti nthendayi imadza ndi mpweya woipa wofuka m'madambo ndi m'zomera zoola, ndipo dzina lakuti malaria, locokera ku Italy, litanthauza mpweya woipa womwewo. Maciritso ace nthawi zina anali oopsa koposa nthenda: wodwala anali kumtema mtsempha ndi kumcotsa mwazi wambiri, nammwetsa calomel kufikira malobvu atayamba kuyenderera ndi mano kugwedera. M'caka ca 1840 Livingstone, akali wophunzira, anakhala nao pa msonkhano waukulu mu Exeter Hall, mu London, pamene akuluakulu analimbikitsa zotumiza ngalawa ku mtsinje wa Niger kukathetsa malonda a akapolo. Ngalawa zitatu zinalowa mumtsinjewo m'caka ca 1841 ndi Azungu 145. Pafupifupi onse anadwala, ndipo ngati 40 anamwalira. Mmodzi wa madotolo a pa ulendowo, James McWilliam, analemba buku lofotokoza zimene anaona pa odwala ndi zimene anapeza potumbula mitembo. Livingstone analiwerenga mosamala, natsimikiza mumtima kuti malungo amaunjika ndulu yoipa m'kati mwa munthu, ndi kuti wodwala sangacire nduluyo isanatuluke.

Kwinini anali wodziwika kale. Amacokera m'makungwa a mtengo wa cinchona, wa m'mapiri a Andes ku South America. Ansembe a Jesuit anafalitsa makungwawo ku Ulaya m'zaka za m'ma 1600, ndipo m'caka ca 1820 Afalansa awiri, Pelletier ndi Caventou, analekanitsa ndi makungwawo ufa wowawa umene uli ndi mphamvu yeniyeni. Koma madotolo ambiri anali kuopa kupatsa munthu kwinini thupi likali moto. Anali kulindira kuti kutentha kuyambe kwatsika, ndipo malungo a ku Afrika kawirikawiri sapereka mpata wotere.

Livingstone anayamba kuyesa njira yace m'caka ca 1850 ku nyanja ya Ngami, m'dziko limene tsopano ndi Botswana. Ana ace awiri anagwidwa ndi malungo kumeneko, ndipo anapezanso gulu la Angerezi odwala nthenda yomweyo. Iye sanawateme mtsempha, ndipo sanalindire: anawapatsa kwinini wosakaniza ndi mankhwala otsegula m'mimba pa ciyambi peni peni pa nthenda, ndipo anacira. Iye mwini malungo anamgwira koyamba pa 30 May 1853 ku Linyanti, mudzi waukulu wa Sekeletu mfumu ya Makololo. Zimene anacita pamenepo zionetsa mtima wa munthu wofuna kuphunzira. Poyesa kuti eni dziko angakhale ndi mankhwala oposa ace, anapempha sing'anga wa mfumu kuti amthandize. Sing'angayo anaphika mizu mumphika, namfunditsa bulangete iye pamodzi ndi mphika wotenthawo. Pambuyo pace anamfukiza ndi utsi wa timitengo toikidwa paphale la makala. Ndiko kufukiza komwe kuja kodziwika m'midzi yambiri. Livingstone anapirira zonsezi, nabvomereza kuti kutulutsa thukuta kuthandizako, koma anaona kuti mankhwala ace aciritsa msanga koposa, nabwerera kwa iwo. Ndi mankhwalawo anakafika ku Luanda mu May 1854, ali wofoka ndi malungo ndi kamwazi. Anabwerera, naona mathithi a Mosi-oa-Tunya mu November 1855, natulukira ku Quelimane mu May 1856. Pa ulendowo malungo anamgwetsa koposa ka 20, koma sanamuphe.

Kapangidwe ka mibuluyo kalembedwa m'buku lace la ulendo wa pa Zambezi, lotuluka m'caka ca 1865. Muyeso wa ogulitsa mankhwala a nthawi imeneyo unali greni, ndipo greni imodzi ilingana ndi mamiligalamu 65. Anali kutenga magreni 6 kufikira 8 a utomoni wa jalap, magreni 6 kufikira 8 a rhubarb, magreni 3 a calomel ndi magreni 3 a kwinini, naziumba pamodzi ndi madzi onunkhira a cardamom kukhala mibulu inai. Mwamuna anali kumwa inai yonse, mkazi umodzi. M'mimba mukacedwa kutseguka anali kuonjeza supuni ya mcere wa Epsom. Jalap ndi muzu wa comera ca pa cibale ndi mbatata, ndipo dzina lace licokera ku mudzi wa Xalapa ku Mexico. Ndi wotsegula m'mimba mwaukali. Rhubarb wa mankhwala ndi muzu wocokera ku China, wotsegula mofatsa. Calomel ndi mcere wopangidwa ndi mercury, citsulo camadzi cija conyezimira cimene cinali kukhala m'tigalasi toyesera kutentha kwa thupi. Pakapita maora asanu kapena asanu ndi limodzi wodwala anali kuthamangira kuseri, natulutsa zakuda ndi zobiriwira, ndipo anthu a pa ulendowo, poona munthu amene anali cigonere atadzuka, anaicha mibuluyo dzina lakuti zodzutsa.

Pali samu pano imene mphunzitsi angapatse ana a makalasi apamwamba. Magreni 3 a kwinini ndi mamiligalamu 195. Mabuku a cipatala a zaka zapambuyo pace analamula kuti munthu wamkulu wodwala malungo amwe mamiligalamu 600 katatu pa tsiku, masiku 7, ndiko kuti mamiligalamu 12,600 onse pamodzi. Cotero mibulu inai ija inali ndi limodzi la magawo atatu a kumwa kumodzi kokha, mwa kumwa ka 21. Kwinini wocepa cotere sangathe malungo. Cimene cinali kuciritsa ciri m'mau otsatira a Livingstone, amene anthu sanawasamale monga anasamalira dzina la mibulu: mibuluyo itayamba nchito, wodwala anali kumwa kwinini wambiri maora awiri kapena atatu ali onse, kufikira m'makutu mutayamba kulira ndi kugontha. Popanda cipangizo coyesera mwazi, kulira kwa m'makutuko kunali cizindikiro cace cakuti mankhwala akwanira m'thupi. Nzeru yeniyeni ya Livingstone inali pamenepo: kupereka kwinini msanga, kumpereka wambiri, ndi kuleka kucotsa mwazi. Pa izi anatsogola madotolo ambiri a m'nthawi yace. Pa za ndulu analakwa pamodzi nao, ndipo zobiriwira zimene anali kuona sizinali malungo otuluka ai, koma nchito ya calomel ndi jalap m'matumbo.

Kulakwa kumeneku nkosadabwitsa. Kwinini agwira nchito yace mobisika, m'mwazi, ndipo munthu samva kanthu koma kuwawa m'kamwa ndi phokoso m'makutu. Mankhwala otsegula m'mimba amalengeza okha kuti afika. Mtima wa munthu, Mzungu kapena wakuda, ufulumira kutamanda cimene cioneka ndi maso. Ndipo m'midzi ndi m'matauni momwe akalipo anthu oyesa mphamvu ya mankhwala ndi m'mene abvundulira m'mimba. Kwa mwamuna wamphamvu wodzimbidwa, monga anali kukhalira amalinyero a pa Zambezi, kutsukako sikunali koopsa kwambiri. Kwa mwana wa malungo, amene wataya kale madzi ndi kutentha ndi kusanza, kumtsegulanso m'mimba ndiko kumuumitsa thupi.

Pa ulendo wa boma wa pa Zambezi, woyamba m'caka ca 1858, Livingstone anali ndi dotolo mnzace, John Kirk, ndi kwinini wokwanira. Poyamba onse anali kumwa pang'ono tsiku ndi tsiku kuti atseke nthenda, koma poona kuti adwalabe, Livingstone anagamula kuti kwinini satchinjiriza, aciritsa cabe. Apa anasiyana ndi William Baikie, amene m'caka ca 1854 anakwera Niger ndi ngalawa yochedwa Pleiad, namwetsa anthu ace kwinini masiku onse, nabwerera wosataya Mzungu ndi mmodzi yemwe. Livingstone anakhulupirira kuti cotseka malungo ndico kugwira nchito kolimba, ndi kuti nthendayi ikonda munthu wokhala cabe. Ciphunzitso cimeneci cinamuumitsa mtima pa anzace odwala. Richard Thornton ndi Thomas Baines, onse awiri obvutika ndi malungo, anawacotsa nchito m'caka ca 1859, wina pomnenera ulesi, wina pomnenera kusakaza katundu wa boma. Komabe zaka zoyambazo zinapita popanda maliro a Mzungu pakati pao, ndipo makalata ace opita ku Mangalande anapatsa anthu maganizo akuti malungo salinso cinthu coopsa kwa munthu wokhala ndi mankhwala. Mau akuti wokhala ndi mankhwala ndiwo amene zaka zotsatira zinayesa.

Mu February 1860 amishoni a London Missionary Society, Holloway Helmore ndi Roger Price, anafika ku Linyanti ndi akazi ao ndi ana, kudzayamba mishoni pakati pa Makololo monga Livingstone analimbikitsira. Inali nyengo ya dzinja, ndipo mudziwo unali pakati pa madambo. Pa milungu yowerengeka anamwalira Helmore, mkazi wace, ana ao awiri, khanda la Price, ndi ena mwa Atswana amene anawaperekeza. Mkazi wa Price anafera m'njira pobwerera. Price anakhulupirira kuti anadyetsedwa ululu. Livingstone, atafika ku Sesheke mu August caka comweco, anati anali malungo, ndipo popita ku Linyanti anapeza ngolo yace imene anaisiya zaka 7 zapitazo iri ciimire, mankhwala ali momwemo, kufupi ndi manda. Analemba za ici ndi cisoni, koma ena a mishoni anamva mau acewo ngati kudzudzula akufa, pamene mwini wace ndiye anawakopera kumeneko.

Makololo eni ace anali kutha ndi nthenda yomweyo. Anacokera ku mapiri a kumwera kumene kulibe malungo, ndipo anakhala m'madambo a Linyanti cifukwa ca kuopa nkhondo ya Mzilikazi. Alozi ndi mitundu yina ya m'cigwa, amene anadwala malungo kuyambira ukhanda, akulu ao anali ndi mphamvu yopirira nayo nthendayi, mphamvu yogulidwa ndi maliro a ana ambiri. Makololo analibe mphamvu imeneyo, ndipo kucepa kwao kunathandiza kuti ufumu wao ugwe m'caka ca 1864. Za anthu awa mabuku a mankhwala sanena zambiri. Bokosi la kwinini linali la apaulendo, ndipo kwinini anali wa mtengo wapatali. Midzi imene linadutsamo inatsala monga inaliri.

Caka ca 1862 cinali coipa koposa. Bishopu Charles Mackenzie wa Universities' Mission, amene anamanga pa Magomero m'caka ca 1861, ananyamuka mu January pamodzi ndi Henry Burrup kukakomana ndi Livingstone pamene Ruo athira mu Shire. Cakudza siciimba ng'oma: usiku wina bwato lao linagubuduka, ndipo mankhwala onse anatayika m'madzi. M'malo mobwerera kukatenga ena, anapitirira, nakhala pa cilumba kulindira. Mackenzie anamwalira pa 31 January. Burrup anamnyamula kubwerera naye ku Magomero, namwalira mu February. Masiku omwewo Mary Livingstone anafika ku mathiriro a Zambezi kudzakhala ndi mwamuna wace, ndipo ngalawa itacedwa miyezi m'cigwa cotentha, anadwala ku Shupanga. Nthawi iyi bokosi linalipo, madotolo awiri analipo, koma iye anali kusanza kosaleka, ndipo mankhwala akumwa sanakhale m'mimba. Anamwalira pa 27 April ali ndi zaka 41, naikidwa pafupi ndi mtengo wa mlambe. Ici cinaonetsa malire a mibulu iri yonse: malungo aakulu akatseka njira ya pakamwa, pafunika jekeseni, ndipo njira yolasira kwinini mumtsempha inali isanakhazikike.

Mlandu womwe unagwera Mackenzie unadzagwera Livingstone m'dziko la Zambia. Pa ulendo wace wotsiriza anaoloka Luangwa mu December 1866, nakwera mapiri a Muchinga, anthu ace ali ndi njala yoopsa. Pa 20 January 1867, asanaoloke Chambeshi, amtengatenga awiri Aciyao anathawa m'nkhalango. Mmodzi wa iwo m'mawa mwace anali atasinthana katundu ndi mnyamata wosenza bokosi la mankhwala. Mvula inafafaniza mapazi ao. Livingstone analemba m'buku lace la tsiku ndi tsiku kuti anamva ngati waweruzidwa kuti afe, nakumbukira Bishopu Mackenzie. Koma sanawatemberere othawawo, pozindikira kuti njala ndiyo inawathawitsa. Pofika ku nyanja ya Tanganyika mu April anali kugwa ndi kukomoka ndi malungo. Anafika ku Mweru ndi kwa Kazembe kumapeto a caka cimeneco, ndi ku Bangweulu mu July 1868, ndipo mdani wa ukapoloyo anakhala moyo ndi cifundo ca amalonda Aciarabu ndi Aswahili, amene ena a iwo anali ogula anthu. Mankhwala okwanira anawaonanso pamene Henry Morton Stanley anampeza ku Ujiji mu November 1871.

Bokosi latsopanolo silinathe kubweza thupi limene linali litatha. Mu dzinja la 1873 anali kubvutika m'madambo a Bangweulu, ndipo kuyambira kumapeto a March anali kutaya mwazi wambiri wa m'matumbo. Anthu ace anamnyamula pa macila kufikira kumudzi wa Chitambo, m'dziko la Alala. Susi ndi Chuma anafotokoza pambuyo pace za usiku wotsiriza, ndipo Horace Waller anazilemba m'caka ca 1874. Pakati pa usiku Livingstone anaitana Susi kuti afunditse madzi ndi kubwera nalo bokosi la mankhwala. Maso ace anali osaona bwino, ndipo Susi anamuunikira ndi kandulo. Mobvutika kwambiri anasankha botolo limodzi, nauza Susi kuti aliike pambali pace ndi cikho ca madzi. Botololo linali la calomel. Munthu wotaya mwazi m'matumbo analibe cosowa mankhwala otsegula m'mimba, koma dotoloyo anagwira ciphunzitso ca ubwana wace kufikira potsiriza. M'bandakuca wa pa 1 May anampeza atagwada pambali pa kama, atamwalira. Mtima wace unakwiriridwa pansi pa mtengo wa mpundu, ndipo mtembo unaikidwa mu Westminster Abbey pa 18 April 1874.

M'caka ca 1880 Aamerika awiri, Silas Burroughs ndi Henry Wellcome, anayamba kampani ya mankhwala mu London. Luso lao linali kupsinja ufa wa mankhwala ndi makina kukhala timibulu touma ta muyeso wofanana, tosaonongeka msanga ndi cinyezi, ndipo m'caka ca 1884 analembetsa dzina lakuti Tabloid kukhala cizindikiro ca katundu wao. Wellcome anali wocenjera pa malonda. Anapatsa oyenda maulendo ochuka, monga Stanley, mabokosi a mankhwala, ndipo pobwerako anali kuonetsa mabokosi okalambawo kwa anthu. Pakati pa katundu wace panali Livingstone Rouser. Munthu amene sanabise kanthu anasanduka dzina la pabotolo monga Dr. James ndi Warburg, ndipo amishoni, asilikali, osaka nyama ndi anchito a boma anainyamula mibuluyo kulowa nayo m'maiko omwe aja anayendamo iye.

Cikhulupiriro ca mpweya woipa cinali citayamba kugwa caka comwe kampaniyo inabadwa. Mu November 1880 Alphonse Laveran, dotolo wa asilikali a France ku Algeria, anaona tizirombo ta malungo m'mwazi wa wodwala. M'caka ca 1897 Ronald Ross ku India anatipeza m'mimba mwa udzudzu, ndipo caka cotsatira Giovanni Battista Grassi ndi anzace ku Italy anatsimikiza kuti udzudzu wa mtundu wa Anopheles ndiwo upatsira anthu. Livingstone anafika pafupi ndi coonadi ici wosacizindikira, pakuti analemba kuti kuculuka kwa udzudzu kusonyeza malo a malungo. Koma anauyesa mboni cabe, osati wopalamula. Kunadziwikanso kuti kumwa kwinini modumphadumpha, lero pang'ono mawa ai, kuli ndi mbali pa malungo a mkodzo wakuda, amene anadzaza manda a mishoni ndi a maboma oyamba. Cidziwitso catsopanoci cinaonetsa mphamvu yace ku Luanshya. M'caka ca 1929 eni mgodi wa Roan Antelope, poona anchito akufa ndi ena akuthawa ponena kuti mumtsinje muli cinjoka, anapempha uphungu wa Sir Malcolm Watson wa ku Ross Institute. Anakumba ngalande m'madambo, nalambula mtsinje kuti madzi ayende, nathira mafuta pa madzi oima, naika mawaya m'mazenera. Ndipo pa zaka zowerengeka maliro anacepa kwambiri. Pofika nthawi imeneyo mibulu ya Livingstone inali itacoka kale pa ndandanda ya malonda.

Calomel anakhalitsa koposa mibuluyo, pakuti anali kumuika mu ufa wopatsa makanda pomera mano. Ana ambiri ku Mangalande, ku Australia ndi ku Amerika anali kudwala nthenda yosadziwika gwero, yofiiritsa manja ndi mapazi ndi kuliritsa mwana usana ndi usiku, ndipo ena anali kufa nayo. M'caka ca 1948 Josef Warkany ndi Donald Hubbard ku Cincinnati anapeza mercury mumkodzo wa ana otere. Calomel atacotsedwa mu ufawo m'zaka za m'ma 1950, nthendayo inatsala pang'ono kuzimiririka. Jalap nayenso madotolo anamsiya cifukwa ca ukali wace.

Kwinini yekha ndiye anapitirira. Mbeu za cinchona wamphamvu koposa, zimene Manuel Incra Mamani anatolera Charles Ledger ku Bolivia m'caka ca 1865, zinagulidwa ndi boma la Holland ndi kubzalidwa ku Java, ndipo pofika zaka za m'ma 1930 pafupifupi kwinini yense wa pa dziko lapansi anali kucokera kumeneko. Mamani anamangidwa ndi kumenyedwa cifukwa ca mbeuzo, namwalira m'caka ca 1871. Pamene Japan analanda Java m'caka ca 1942, maiko ena anafulumira kufuna mankhwala opangidwa m'mafakitale, ndipo nkhondo itatha chloroquine anatenga malo oyamba m'zipatala za Northern Rhodesia ndi kwina konse. Patapita zaka, tizirombo tinazolowera chloroquine, ndipo m'caka ca 2002 boma la Zambia linagamula kumsiya ndi kutenga Coartem, wopangidwa ndi artemether ndi lumefantrine. Pa malungo aakulu, onga amene anapha Mary Livingstone, jekeseni wa kwinini anagwira nchito zaka zambiri kufikira kuyesa kwakukulu kwa m'zaka za 2005 ndi 2010 kutaonetsa kuti jekeseni wa artesunate apulumutsa anthu oculukirapo. Artemether ndi artesunate onse awiri acokera ku kacitsamba kowawa ka ku China, kamene Tu Youyou ndi anzace anatulutsamo mphamvu yace m'caka ca 1972.